Mutu 5: Sidi ya m'Nsalu Yoyera

1. Mpando wa pa kompyuta

Zulfa atamaliza kulemba mayeso a Fomu 4 m'chaka cha 2003, anzake ambiri anabwerera kumudzi kukadikira zotsatira ali m'minda. Iye anapeza mpando. Unali mpando wapulasitiki, mwendo umodzi womanga ndi waya, koma unali kutsogolo kwa kompyuta.

Kompyutayo inali ya Mayi Rebeka, amene anagwira ntchito yotayipa m'maofesi zaka zambiri. Atapuma anatsegula kasitolo pafupi ndi msika wa pa boma la Nkhotakota. M'katimo munali kompyuta imodzi, pulinta ndi makina a fotokope. Aphunzitsi ankabwera ndi mafunso a mayeso, ofuna ntchito ndi makalata awo, a makwaya ndi nyimbo zawo. Zonsezo zinkasungidwa m'kompyuta imodziyo.

Maso a Mayi Rebeka anali atayamba kutopa, ndiye ankafuna mtsikana wa zala zofulumira woti amuphunzitse. Zulfa anali woyenera. Koma kwawo mawu omaliza anali a amalume ake, a Yahaya, ogulitsa mpunga, amene anamulera bambo ake atamwalira. Poyamba anakana. Ankati mtsikana wa Chisilamu azikatani tsiku lonse m'sitolo ya mayi wa ku Anglican. Kenako analola, koma ananeneratu kuti tsiku limene adzaone kuti makinawo amuchotsa ulemu, adzamutumiza ku Chia kwa azakhali ake kukaingitsa mbalame m'munda wa mpunga.

Mayi Rebeka nawo anali ndi lamulo lawo. Tsiku loyamba, asanamuonetse ngakhale poyatsira, anamukhazika pansi.

"Umve bwino chifukwa sindibwereza," anatero. "Kompyuta imadwala. Pali timapulogalamu toipa timene anthu amapanga dala, dzina lake mavayirasi. Sitioneka, sitinunkha. Timabisala m'disiketi kapena m'sidi, ndipo tikalowa timafufuta ntchito za anthu, kenako n'kudumphira m'disiketi ya aliyense wobwera pambuyo pake. Ndiye disiketi iliyonse, sidi iliyonse, isanatsegulidwe iyambe yadutsa kwa mlonda."

Anamuonetsa pulogalamu yofufuza mavayirasi, imene iwo ankaitcha mlonda.

"Chachiwiri, masidi a mapulogalamu okopera, aja amagulitsa anyamata pa depoti, muno salowa. Pulogalamu yeniyeni ili ndi eni ake, ndipo imabwera ndi chiphaso. Okoperawo amakoka zinthuzi pa intaneti kwa anthu osawadziwa, amene anathyola loko wa pulogalamuyo. Wothyola lokoyo sanakhale pansi n'kuvutika chonchija chifukwa chokonda iwe. Amaikamo zake. Ukaswa limodzi la malamulo awiriwa, mpando uwu ndipatsa wina."

Motero Zulfa anayamba ntchito akudziwa kuti pali anthu awiri amene angamuchotse pampandopo. Sanaganize kuti tsiku lina adzafunika kusankha woti amumvere pakati pawo.

2. Katundu wa amalume

Mkulu wake wa Zulfa, Farida, anali pafupi kukwatiwa ndi mnyamata wa ku Benga. Zokonzekera ndowa, ukwati wa ku mzikiti, zinali m'manja mwa a Yahaya, ndipo iwo ankafuna kuti anthu adzaisimbe. Ku Lilongwe anali ataona makadi oitanira anthu okhala ndi Bismillah pamwamba, m'zilembo za Chiarabu zopindika bwino. Anabwerako atatsimikiza kuti makadi a Farida adzakhalanso otero.

Vuto linali lakuti kompyuta ya Mayi Rebeka inalibe zilembo za Chiarabu. Mayiwo analonjeza kuti afunsa kwa amene anawagulitsa makinawo. Koma a Yahaya sanali munthu wodikira.

Tsiku lina Mayi Rebeka anapita kumaliro ku Liwaladzi, n'kusiya Zulfa yekha. Chakumasana, pamene amayi awiri ankadikira fotokope pabenchi, a Yahaya analowa atagwira pachifuwa kanthu kokulunga m'nsalu yoyera. Atapereka salamu anafunsa Zulfa ngati ali ndi udhu. Zulfa anapita kuseri, n'kusamba m'manja, kumaso ndi mapazi monga amachitira asanaswali.

M'nsalumo munali sidi. Chikuto chake chinali chobiriwira, chodzaza ndi zilembo za Chiarabu zagolide zolukanalukana. Koma atatsegula, Zulfa anapeza sidi wamba, ya mtundu umene anyamata amakoperapo, yokhwatchidwa ndi inki yakuda. Anaizindikira nthawi yomweyo.

A Yahaya anafotokoza kuti aigula kwa Sufiyani, woyenda ndi chikwama cha masidi m'maminibasi, ndipo muli zilembo za Chiarabu zamitundumitundu pamodzi ndi pulogalamu yokonzera makadi. Sufiyani anawauzanso kuti poiika ayambe azimitsa chofufuza mavayirasi, chifukwa sichidziwa Chiarabu, ndiye chikachiona chimangolira.

Zulfa anagwada pambali pa tebulo. Anati lamulo la pasitolopo sililola pulogalamu yokopera, koma ngati amalume angalole, angathe kupereka sidiyo kwa mlonda kuti aone chimene chili m'kati.

"Aone chiyani?" anafunsa a Yahaya. "Mawu a Mulungu muwapisepise ngati chikwama cha munthu wokayikitsa pa rodibuloko? Iwe unapita ku madrasa. Anakuphunzitsa ndani kuti m'chinthu cholembedwa chonchi mungakhale zonyansa?"

"Sindikukayikira mawuwo, amalume. Ndikukayikira amene anakopera."

"Sufiyani ndi Msilamu mnzako."

"Naye anachita kupatsidwa ndi wina."

A Yahaya anatsitsa mawu. Anati Liwaladzi ndi kutali, mwini sitolo sabwera lero, ndipo pomadzafika adzapeza ntchito itatha. Anamukumbutsanso kuti pampando umenewo anamuikapo ndi iwo.

Zulfa anayang'ana kompyuta. M'menemo munali mafunso a mayeso amene aphunzitsi anasiya, ndipo ena mwa iwo anali atapalasa njinga kuchokera kutali.

"Pepani amalume," anatero. "Sindiika."

Amayi a pabenchi aja anayamba kuyang'ana kudenga. A Yahaya anakulunga sidi yawo pang'onopang'ono.

"Ndinanena ine," anatero ali pakhomo. "Ndowa ikangotha, ukwera wa ku Chia."

3. Kunyumba

Nkhani inafika kunyumba Zulfa asanafike. Anapeza mayi ake, a Habiba, atakhala pakhonde, Farida akupeta mpunga pambali.

Farida ndiye anayamba. Anafunsa ngati Zulfa ndi kompyuta yake agwirizana kuti iye akwatiwe ndi makadi opanda Bismillah, ngati oitanira anthu ku disiko. Zulfa sanaseke. Farida ataona nkhope ya mng'ono wakeyo anasiya nthabwala, n'kunena kuti iye makadi alibe nawo ntchito, a ku Benga abwera ngakhale atawaitana pakamwa.

Zulfa anafotokoza zonse. A Habiba anamvetsera mpaka kumapeto. Za mavayirasi anati sakuzidziwa ndipo sayamba lero.

"Koma mlongo wanga ndimamudziwa," anatero. "Sanakwiyire sidi. Wakwiya chifukwa mwana amene anamulera wamukaniza anthu akuona, ndipo amayi awiri aja pofika pano auza msika wonse. Mawa m'mawa upite kusitolo kwake, makasitomala asanachuluke. Usakatsutsane naye, sudzapambana, ine ndayesa kuyambira tili ana. Ukagwade, ukapepese pa chimene walakwa. Chimene sunalakwe usachipepesere, chifukwa ukatero mawa adzabweranso ndi sidi ina. Nanga pachikutopo palembedwa sura iti ya Korani?"

Zulfa anati sakudziwa. Zilembozo zinali zolukana kwambiri, komanso zinalibe timizere ta pamwamba ndi pansi timene timathandiza munthu kuwerenga, monga zimakhalira mu Msahafu, buku la Korani.

"Ndiye ukafunse," anatero a Habiba. "Munthu azidziwa chimene akumuimbira mlandu."

4. A Yahaya awerenga

M'mawa mwake Zulfa anapeza amalume ake akumasula matumba a mpunga. Anayankha salamu yake osatembenuka.

Zulfa anagwada pasimenti. Anapepesa kuti anawayankha pamaso pa anthu, pamene akanatha kuwapempha kuti atuluke kaye panja. Kenako anapempha kuti amuwerengere mawu a pachikuto, adziwe sura imene akuti wainyoza.

Pempho limeneli linawafewetsa a Yahaya, chifukwa ankadziwika kuti amawerenga bwino. Anasamba m'manja, anatenga nsalu ija pamwamba pa kabati, n'kuvala magalasi. Kunena zoona, anali asanawerengepo chikutocho. Anangoona Chiarabu n'kukulunga. Monga anthu ambiri a kuno, zilembo ankazitchula bwino, koma chinenerocho sankachimva.

Anakonza kukhosi, n'kuyamba ndi mawu okoka amene ankawerengera ku mzikiti.

"Kum... kum-bi-yu... tar."

Anaima. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kupita pa mzere wachiwiri. Mawu okoka aja anali atachepa.

"Fi-di-yu. Fi... lim."

Zulfa anayang'ana pansi, n'kuluma nsonga ya mpango wake.

A Yahaya anatsetsereka ndi chala mpaka mzere womaliza, umene unali wa zilembo zazikulu kuposa yonse. "Ti-li-fun," anawerenga. Kutsogolo kwake kunali manambala a Chiarabu, ndipo amenewo ankawadziwa bwino lomwe.

Panja galimoto linadutsa likuitanira a ku Dwangwa.

"Ndiye kuti ine," anatero a Yahaya, "ndinapanga udhu chifukwa cha nambala ya telefoni ya sitolo ya mwini wake. N'kuigoneka pamwamba pa kabati, pambali pa Msahafu."

Zulfa anakweza maso. Amalume ake anayamba kugwedezeka mapewa, kenako anaseka mpaka kukhala pa thumba la mpunga. Atatha anati Sufiyani akamuona adzamuwerengetsa chikutocho pamaso pa anthu a pa depoti.

Koma a Yahaya anali wamalonda, ndipo sankagonja zonse nthawi imodzi. Anati chabwino, si sura, koma zimenezo sizikusonyeza kuti sidiyo ili ndi matenda amene Zulfa akunena. Zulfa anavomera kuti n'zoona, iyenso sakudziwa chimene chili m'kati. Wodziwa ndi mlonda.

"Tiye tikamufunse mlonda wakoyo," anatero, akutseka chitseko.

5. Mlonda ayankha

Anapeza Mayi Rebeka atangofika kumene, mapazi atatupa ndi ulendo. Anamvetsera nkhani yonse akuvula nsapato. Sanadabwe, sanayamikire munthu. Anangouza Zulfa kuti akhale pampando achite zimene anaphunzira.

Zulfa analowetsa sidi atakanikiza batani limene limailetsa kuyamba yokha. Sanatsegule kalikonse. Anaitana mlonda n'kumulozera sidiyo. A Yahaya anaima kumbuyo kwake, manja kumsana, akuyang'ana timaina tikuthamanga pagalasi.

Patapita kanthawi panatuluka bokosi lofiira. Mlonda anali atapeza vayirasi, itabisala m'kapulogalamu kothyolera loko kaja. Zulfa anatulutsa sidi n'kuiika patebulo.

A Yahaya anafunsa ngati akanailola mlondayo akanakhala chete. Mayi Rebeka anati ayi.

"Mlonda uyu amadziwa nkhope za akuba amene anaonetsedwa basi," anatero. "Atsopano akubadwa nthawi zonse. N'chifukwa chake ndimaitanitsa zomuwonjezera nzeru kuchokera ku Lilongwe, ndipo ngakhale pamenepo ena amamudutsa. Akakhala chete sindiye kuti sidi ili bwino. Koma pulogalamu imene ikukuuzani kuti muyambe mwagoneka mlonda, imeneyo yadziulula yokha. Musadzione ngati opusa, Bambo Yahaya. Mnzanga wina ku Salima anaika sidi ya nyimbo za tchalitchi, mtanda pamwamba, ndipo anamupatsa ndi munthu wopemphera. Inamudyera ntchito za makasitomala onse. Ogulitsa zinthuzi amadziwa chimene munthu amachilemekeza, ndipo chimenecho n'chimene amakuonetsa. Kwa inu Chiarabu, kwa ife mtanda, kwa ana awa chithunzi cha woimba. Mukafuna pulogalamu, gulani kwa ogulitsa odziwika, yokhala ndi chiphaso chake. Ikakukanikani, alipo mapulogalamu amene eni ake amapereka ulere mwa kufuna kwawo, funsani odziwa akulozereni. Ndipo ntchito yofunika muziisunga pawiri, ina m'kompyuta, ina m'disiketi yotsekera m'kabati. Ndatha. Zulfa, ndipatse madzi akumwa."

A Yahaya anati zonsezo amva, koma makadi a Farida akadali opanda Bismillah.

Zulfa anabwera ndi madzi, n'kufunsa ngati amalume sangalembe okha ndi dzanja. Anati ku madrasa ana ankalimbirana kuti a Yahaya awalembere mzere woyamba, chifukwa zilembo zawo zinkakhala ngati zosindikiza.

Mayi Rebeka sanadikire yankho. Anatulutsa pepala loyera, cholembera chakuda, sizasi ndi guluu. A Yahaya anakana pang'ono, akuti dzanja linazolowera sikelo. Kenako anakoka benchi, anapinda manja a malaya, n'kuyamba. Analemba, n'kukana okha, n'kulembanso, mpaka panatuluka mzere umene unawakhutiritsa.

Zulfa anatayipa mawu oitanira anthu m'Chichewa, n'kusiya malo pamwamba. Anachepetsa mzere wa amalume pa fotokope, anaudula, anaumata pamalopo, n'kujambula zonse pa pepala lolimba. Khadi yoyamba inatuluka yofunda. A Yahaya anaitengera pakhomo pomwe panali kuwala. Anati zilembo za makadi a ku Lilongwe aja zinali zoonda.

"Nanga za ku Chia, amalume?" anafunsa Zulfa.

"Ku Chia ukatani? Makadi onsewa adula ndani?"

Mayi Rebeka anamupatsa Zulfa sizasi.

6. Ofesi ya Raston

A Yahaya anatsanzika, koma atafika pakhomo anaima, n'kubwerera. Nkhope yawo inali itasintha.

Anati pali kanthu kena. Dzulo lake atachoka pasitolopo ndi mkwiyo sanapite kwawo. Anapita kwa Raston, kalaliki wa kabungwe kena ka alimi a mpunga, kamene kanali ndi kompyuta yopatsidwa ndi azungu. Raston sanavute. Anazimitsa chofufuza mavayirasi, analowetsa sidi, n'kukopera zonse. Makadi sanatheke chifukwa kompyutayo inayamba kuchedwa, kenako magetsi anazima.

Mayi Rebeka anaika kapu pansi. Anati ofesi imeneyo imatumiza madisiketi kwa anthu ambiri, ndipo ena mwa madisiketiwo amathera pa tebulo lawo lomweli. Anayang'ana mapazi awo otupa, n'kuyang'ana nsapato. Kenako anatsegula kabati ndi kiyi wa m'khosi, n'kutulutsa sidi ya mlonda, yeniyeni, imene inali isanatulukepo m'sitolomo.

Anaipereka kwa Zulfa.

"Ine sindiyendanso lero. Pita ndi amalume ako. Ukafika, usalole disiketi iliyonse kulowa kapena kutuluka. Ukayambe ndi kompyuta, kenako madisiketi onse, imodziimodzi. Raston akakufunsa kuti ndiwe ndani, umuuze kuti wakutuma ndine."

"Ndimuuza ndine," anatero a Yahaya. "Ndi mwana wa mlongo wanga ameneyu."

Anapeza Raston atakhala pakhonde la ofesi, tayi atamasula. Anati kompyuta ikungozima n'kuyakanso yokha, ndipo ntchito zina zasowa. Atamva kuti wobwera kudzakonza ndi Zulfa, anamuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi. A Yahaya anamuuza kuti asunthe, mwana adutse.

Zulfa sanathamangire kompyuta. Anayamba wafunsa kumene kuli madisiketi amene alowamo kuyambira dzulo. Raston analoza kabokosi ka patebulo. Kenako anakanda m'mutu. Anati ilipo ina imene mulibe m'bokosimo. M'mawa womwewo, kompyuta isanayambe misala, mphunzitsi wina anabwera kudzakopera kalata, ndipo anati akupita nayo kusukulu kwawo, njira ya ku Benga, kumene alandira makompyuta atsopano.

Zulfa anatseka kabokosiko n'kukaika m'kabati. Anauza Raston kuti azimitse makinawo ndipo asawakhudze mpaka iye atabwerera. Kenako anatembenukira kwa a Yahaya.

"Amalume, njinga yanu ili ndi mpweya?"